MSEWU SI BWALO LA MPIKISANO

Aliyense amene amafika ku maofesi a Boma adaziona yekha: mapikiapu ali pa miyala kuseri kwa nyumba, matayala ataphwa, udzu utamera pansi pake. Munthu akafunsa chidavuta n'chiyani, kawirikawiri amamuyankha kuti giyabokosi idafa. Ife tikuti giyabokosi zambiri sizifa zokha ayi. Zimaphedwa, ndipo ozipha ndi anthu omwe Boma lidawakhulupirira ndi makiyi.

Ntchito ya giyabokosi ndi kutenga mphamvu ya injini ndi kuipereka ku magudumu molingana ndi msewu. Magiya apansi amakoka kwambiri koma sathamanga. Apamwamba amathamanga koma sakoka. Tsono dalaivala wokwera chitunda cha Chiweta pa giya yapamwamba, katundu ali tho, akuzunza injini. Wotsika Khwekhwerere atachotsa giya, ati kupulumutsa mafuta, wasiya miyoyo ya anthu pa mabuleki okha, pomwe mabuleki akatentha sagwira. Lamulo la madalaivala akale silidasinthe: giya imene wakwerera phiri ndi yomwe utsikire.

Palinso kusiya phazi pa klatchi ulendo wonse, kulowetsa giya mokakamiza mpaka zitsulo kukukutana, ndi kusasintha oyilo nthawi yake ikakwana. Mapikiapu ambiri ali ndi giya yokokera magudumu onse anayi. Giya imeneyi ndi ya m'matope ndi mumchenga; kuyenda nayo pa tala wouma kumapotokola zitsulo pang'onopang'ono mpaka zitathyoka.

Koma choopsa kuposa zonsezi ndi liwiro. Ena akagwira chiwongolero amadziona ngati ali pa mpikisano. Anthu otere ayenera kudziwa kuti mpikisano wa galimoto uli ndi mabwalo ake. Ku South Africa, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, kuli bwalo la Kyalami lomwe lidatsegulidwa mu 1961. Mpikisano wa Formula One udachitikako komaliza mu 1993, pamene adapambana Alain Prost. Pa bwalo lotere galimoto zonse zimalowera mbali imodzi. Sipadutsa mbuzi, kabaza kapena ana a sukulu. M'mbali muli zotchinga, madokotala ndi ozimitsa moto amakhala chire, ndipo amakaniko amaunika galimoto iliyonse ikangochoka m'bwalo. Kodi pa msewu wa M1 pali chimodzi mwa zimenezi? Toyota Hilux, imene idayamba kupangidwa mu 1968, adaikonzera kusenza katundu. Kuithamangitsa pa ngodya kapena m'mabampu ndi kuitana ngozi. Akuluakulu adati kuthamanga si kufika.

Tisaiwale kuti dziko lathu silipanga magiyabokosi. Chitsulo chilichonse chimachokera kunja, ndipo chimagulidwa ndi ndalama zimene mlimi wa fodya, tiyi ndi nzimbe wakhetsera thukuta. Pikiapu imodzi ikagona, mankhwala safika ku chipatala cha kumudzi, mlangizi wa zaulimi saonekera kwa alimi ake, ndipo mayi wodwala amanyamulidwa pa njinga usiku. Wonena kuti "ndi za Boma izi" akunyoza msonkho wa makolo ake omwe.

Mlandu uwu si wa madalaivala okha. Bwana amene amanyamuka mochedwa kenaka n'kumauza dalaivala kuti aponde moto kuti akapeze msonkhano, ndiye woyamba kulakwa. Chimodzimodzinso mkulu amene amakana kusainira ndalama za oyilo, mawa n'kudzasainira za giyabokosi yatsopano.

Choncho tikupempha akulu a nthambi zonse za Boma ndi atsogoleri a Chipani kuti aonetse chitsanzo. Buku la maulendo lilembedwe mokhulupirika. Galimoto ipite kwa makaniko tsiku lake likafika. Dalaivala akadandaula kuti giya yayamba kulira, amvedwe msanga, ndipo amene wasunga galimoto yake zaka zambiri ayamikiridwe poyera. Chuma cha dziko chimasamalidwa ndi manja a amene akuchigwiritsa ntchito.