Chifukwa Chake Ndifuna Utolankhani

Anzanga, tsiku lija aphunzitsi anatifunsa ntchito imene aliyense afuna kudzagwira akamaliza sukulu, ambiri munatchula udokotala, uphunzitsi ndi ukalaliki. Ine ndinati utolankhani wofufuza zobisika, ndipo ena a kumbuyo anaseka nati ndifuna kulipidwa chifukwa cha miseche. Ndiloleni ndiyankhe pano, popeza m'kalasi belu linandidula pakamwa.

Amene anandikopa mtima ndi Henry Nxumalo wa ku South Africa. Iyeyu sanayambire pamwamba ayi. Poyamba anali mesenjala pa nyuzipepala ya Bantu World ku Johannesburg, pambuyo pake nayamba kulemba za masewera. M'chaka cha 1951 analowa ntchito ku magazini ya Drum. Chaka chotsatira anamva za nkhanza m'minda ya mbatatesi ku Bethal, kumene ngakhale amuna a kuno kwathu ankagwirako ntchito. Sanakhutire ndi mphekesera. Anapita komweko, nacheza ndi antchito ovala masaka, okumba mbatatesi ndi manja, akapitawo ali pambuyo ndi zikoti.

Koma chimene chimandizizwitsa kwambiri anachichita m'chaka cha 1954. Anayenda dala usiku wopanda chitupa kuti apolisi amugwire, nakhala masiku 5 m'ndende yotchedwa Number Four. Anadya chakudya cha akaidi, namenyedwa nawo pamodzi, naona m'mene amawavulira ndi kuwalumphitsa ali maliseche powasecha. Mnzake Bob Gosani anajambula zithunzi ali pa nyumba yaitali yoyandikana ndi ndendeyo, kotero akuluakulu a boma anasowa pokanira.

Taganizirani bwino apa. Mtolankhani wachizungu, kaya aphunzire chotani, sakanalowa m'chipinda cha akaidi akuda. Khungu lomwelo limene lamulo linkalinyoza ndilo linamutsegulira Nxumalo chitseko. Ife timadziwa chilankhulo cha anthu athu, timadziwa kupereka moni ndi kukhala pamphasa kufikira munthu atamasuka. Zimenezi sizipezeka m'buku la galamala, ngakhale galamalayo afunikanso ndithu (aphunzitsi a Chingelezi asandimve molakwa).

Sindibisa kuti ntchitoyi ndi yoopsa. Nxumalo anaphedwa ndi mipeni usiku ku Johannesburg ali pakati pofufuza nkhani ina. Atate anga atamva zimenezi pa tchuthi anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwanawe, ukalaliki sunaphe munthu." Ndinalibe chowayankha, ndipo kufikira lero fizi yanga amalipira akuyembekeza kalaliki.

Pakali pano ndayamba ndi zazing'ono, monga anayambira mesenjala uja. Tonse timadandaula kuti nyemba za kuno ndi zofumbwa, koma palibe amene anawerengapo. Ine ndagula kope la m'thumba, ndipo kwa milungu itatu ndakhala ndikulemba tsiku ndi chiwerengero cha anankafumbwe m'mbale yanga. Ndisanalembe kanthu m'magazini ino ndidzayamba ndakafunsa akukhitchini, kuti nawonso anene mbali yawo.