Tsiku la Ufulu Lisathere pa Nsanja

Chaka ndi chaka, pa 10 December, maiko amakumbukira chikalata cha ufulu wachibadwidwe chimene bungwe la United Nations lidavomereza mu 1948, ndipo pa 20 June amakumbukira anthu othaŵa kwawo. Masiku ameneŵa ngofunika ndithu. Komabe ife tikuti ufulu subwera ndi zolankhula za pa nsanja ai.

Akatswiri ofufuza za magulu omenyera kusintha kwa zinthu amati dandaulo palokha silisuntha kanthu. Pamafunika anthu ogwirizana, mau amene aliyense angaŵamve ngati ake, ndiponso mpata woyenera. Dziko lino lidaziwona zimenezi. Kalata ya maepiskopi a Katolika itaŵerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, ophunzira ndi antchito adadzuka, maiko otithandiza adaimika chithandizo chawo, ndipo pa 14 June 1993 anthu adasankha zipani zambiri.

Pa nkhani ya othaŵa kwawo, mgwirizano wotere udayambira kumudzi. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika poipa mu 1986, abale athu a ku Mozambique adakhamukira ku Nsanje, Mulanje, Ntcheu ndi Dedza. Mafumu adaŵapatsa malo, amai adagaŵana nawo ufa wochepa womwe adali nawo. Pofika 1992, chaka chimene adasainirana mtendere ku Rome, alendowo adaali atapitirira 1 miliyoni. Tisaiŵalenso kuti mu 1972 a Mboni za Yehova a kuno kwathu adathaŵira ku Zambia ndi ku Mozambique. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Nanga lero tili pati? Msasa wa Dzaleka ku Dowa, umene kale udaali ndende ya andale, udatsekulidwa mu 1994 kuti usunge anthu pafupifupi 12,000. Pofika 2023 mudaali anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. M'mwezi wa May chaka chomwecho, apolisi adagwira othaŵa kwawo amene ankachita malonda m'matauni nkuŵabwezera kumsasa wodzadza kalewo. Gwero lake nlakuti pamene Malaŵi adaloŵa m'pangano la 1951 loteteza othaŵa kwawo, mu 1987, sadavomere ndime zoŵalola kuyenda ndi kugwira ntchito momasuka. Mwana wobadwira ku Dzaleka amakula, nkukwatira, osadziŵa kwina.

Anthu a mumsasamo adayamba kale kudzilankhulira: chikondwerero cha Tumaini, chimene chidayamba mu 2014, chakhala chikukokera alendo zikwizikwi ku Dzaleka. Chosoŵa ndi mau athu eni nthaka. Tikupempha mipingo, mafumu, mabungwe a antchito ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo kuti agwirane manja, aunike lamulo la othaŵa kwawo la 1989 pamodzi ndi ndime zimene tidakana zija. Mutu umodzi susenza denga. Tsiku lachikumbutso likhale poyambira ntchito imeneyi, lisathere pa nsanja.