Mausi ili pa desiki, koma si aliyense angaigwiritse ntchito

Kuno ku Ireland zinthu zambiri zokhudza moyo wathu zalowa mu kompyuta. Chithandizo cha boma timachifunsira pa MyWelfare, khadi la IRP timalikonzetsanso pa intaneti, ndipo banki nayo ikufuna tizichita zonse patokha. Amene alibe kompyuta kunyumba atha kupita ku laibulale ya ku Coolock pa Barryscourt Road, n'kukhala pa kompyuta ya onse. Koma alipo ena pakati pathu amene ngakhale atakhala pa mpando umenewo ntchito siitheka, chifukwa tsamba limene atsegula likufuna mausi.

Tikunena za munthu wosaona, amene sangaone kamuvi kakuyenda pa sikirini. Tikunenanso za bambo amene anadwala sitiroko dzanja lamanja n'kufooka, mayi wa nyamakazi, kapena wachikulire amene manja amanjenjemera. Onsewa amayendetsa kompyuta ndi kiyibodi yokha. Batani la Tab limawadumphitsa kuchoka pa chinthu china kupita pa chotsatira, Shift pamodzi ndi Tab kubwerera m'mbuyo, Enter kutsegula, Esc kutseka. Osaona amawonjezerapo pulogalamu yowawerengera zolembedwa, monga NVDA, yaulere, imene Michael Curran anayamba kuipanga ku Australia mu 2006, kenaka James Teh n'kugwirizana naye. Onse awiri ndi osaona.

Vuto limayambira kwa opanga masamba. Masiku ano tsamba limatha kufunsa chipangizo chanu ngati chili ndi mausi kapena ndi chongokhudza ndi chala ngati foni, kenaka limadzikonza malinga ndi yankho. Likamva kuti mausi ilipo, ena amabisa mndandanda wa zosankha kuti uziwonekera pokhapokha kamuvi kakafika pamwamba pake. Apa ndi pamene tikutsutsana nawo. Chimene kompyuta ingadziwe n'chakuti mausi yalumikizidwa, basi. Siingadziwe ngati wakhala pamenepoyo ali ndi maso ndi dzanja loigwiritsira ntchito. Kompyuta ya pa laibulale ili ndi mausi tsiku lonse, koma okhalapo amasinthana. Ndiye munthu adina Tab, adinanso, batani lotumizira fomu osalifikira. Mwina alowa m'kabokosi kosankhira tsiku lobadwa n'kukanirira momwemo.

Ena amati, "Bwanji osangopempha wina amuthandize?" Tonse tikudziwa zimene zimalembedwa pa mafomu amenewa: nambala ya PPS, malipiro, matenda, za ukwati, za mapepala okhalira m'dziko muno. Amalawi kuno ndife ochepa ndipo timadziwana. Zimene wauza mnzako Lachiwiri, Lamulungu zafika ku tchalitchi, sabata isanathe zamveka ku Ndirande. Munthu wamkulu sayenera kupereka mawu ake achinsinsi kwa mwana wa mlongo wake chifukwa choti wina analephera kukonza batani.

Chabwino n'chakuti lamulo lili kumbali yathu. Kuyambira mu 2020, malamulo a Ireland amakakamiza mabungwe a boma kuti masamba ndi ma app awo akhale ofikirika kwa anthu aulumali, ndipo National Disability Authority ndiyo imayang'anira zimenezi. Muyeso umene amatsata, wa WCAG, umanena mosabisa kuti zochita za pa tsamba zizithekanso ndi kiyibodi. Kuchokera pa 28 June 2025, European Accessibility Act inafikanso ku mabanki, ogulitsa katundu pa intaneti ndi ogulitsa matikiti a maulendo. Tsamba la boma liyeneranso kukhala ndi chikalata chofotokoza za kufikirika kwake, chokhala ndi njira yodandaulira. Tiziigwiritsa ntchito njirayo. Lembani dzina la tsamba, tsiku, ndi malo enieni amene Tab anakanika. Dandaulo lotere ndi lovuta kulinyalanyaza kusiyana ndi kungonena kuti "webusaiti yanu ndi yovuta".

Tisaiwale kudziyang'ana tokha. Magulu athu, mipingo yathu ndi mabungwe a maliro amakonda kulengeza zinthu pa chithunzi chokongola cha pa WhatsApp kapena Facebook. Pulogalamu yowerengera osaona nthawi zambiri siitha kuwerenga bwino mawu a m'chithunzi, choncho lembaninso tsiku, nthawi ndi malo m'mawu wamba pansi pake. Amene ali ndi webusaiti kapena fomu yolembetsera, azule mausi kwa mphindi khumi, ayese kuidzaza mpaka kumapeto ndi kiyibodi yokha.

Kwa amene maso ayamba kuvuta, bungwe la Vision Ireland, limene kale linkatchedwa NCBI, lili ku Drumcondra, osati kutali ndi Coolock, ndipo limaphunzitsa kugwiritsa ntchito zipangizozi. Pa kompyuta ya Windows mungayese lero lomwe: dinani Ctrl, batani la Windows ndi Enter pamodzi, Narrator ayamba kukuwerengerani. Amene zala sizitha kudina mabatani awiri nthawi imodzi adine Shift kasanu motsatizana kuti atsegule Sticky Keys.