450 SI YA ALIYENSE, MAGAYE TIYENI TIUZANE ZOONA

Uthenga uwu ndi wautali ndithu, ndiye amene ali pa ntchito ausunge adzawerenge madzulo. Ndalemba chifukwa cha mkangano uja unabuka pa gulu Lamlungu, msuweni wanga wa ku Joni ataponya chithunzi cha njinga ya motocross ya 450 yomwe akufuna kugula kwa munthu wina kumeneko. Wasunga ndalama chaka ndi theka, ndipo akuti azikathamanga nayo pa bwalo la fumbi loyandikana ndi komwe amakhala. Nonse munamuwombera m'manja. Wina mpaka analemba kuti mwamuna weniweni sakwera 250. Ine ndinangokhala chete chifukwa m'manja munali girisi, koma nkhaniyi yandisowetsa tulo. Mnyamatayu njinga yomwe anakwerapo pa moyo wake ndi ya kabaza basi, ndipo kwawo kuno ndi iyeyo amene amatumiza ya chimanga.

Tiyambe ndi nambala zija timazitchula ngati tikuzidziwa. 125, 250, 450, amenewo ndi ma cc, kutanthauza kukula kwa malo amene pisitoni imayendamo m'kati mwa silinda. Si mphamvu ayi. Ndikupatseni chitsanzo cha pagombe pompano. Injini ya Yamaha Enduro 15 ija imakankha maboti a chilimira ndi ya 246cc, ndipo imatulutsa mahosipawa 15. Njinga ya motocross ya 250, kukula kwake pafupifupi chimodzimodzi, imatulutsa mahosipawa opitirira 40. Ndiye kuti kanjinga kamene mukukanyozako kali ndi mphamvu yofanana ndi Enduro 40, chiinjini cha 703cc chomwe timanyamula anthu awiri titagwira uku ndi uku. Kusiyana kwake kuli pa kazunguliridwe. Injini ya boti imazungulira cha m'ma 5,000 pa mphindi ndipo anaipangira kugwira ntchito usiku wonse, zaka ndi zaka. Ya njingayo imafika cha m'ma 13,000 mpaka kupitirira, ndipo anaipangira mpikisano. Njinga za kabaza za 125 ndi 150 zomwe tonse tinaphunzirirapo zimasewera pa mahosipawa 10 kapena 12. Ndiye taganizani, munthu achoke pa 12 alumphire pa 450 yomwe imatulutsa pakati pa 55 ndi 60. Kumeneko ndi kuchulukitsa kasanu tsiku limodzi.

Tsopano tizione imodzi imodzi.

*125 ya 2-stroke.* Iyi ndi mlongo wake wa mainjini athu apanyanja: mafuta osakaniza ndi oyilo, utsi wabuluu, kulira kwa mavu. Ngati YZ125, imalemera cha m'ma 95 kg mafuta ali momo, ndipo mphamvu yake ndi mahosipawa 35 kapena kuposerapo pang'ono. Koma mphamvuyo siipezeka paliponse. Injini ikamazungulira pang'onopang'ono imakhala yofooka ngati yadwala malungo, kenako ikafika pamwamba imadzuka mwadzidzidzi. Wokwera ayenera kuisunga pamwambapo nthawi zonse: chala pa kalachi, phazi pa giya, kulowa pakona ndi liwiro osati kuima kaye. Ukalakwitsa giya imakuuza pompo, imangoti fooo anzako n'kukudutsa. N'chifukwa chake ndimaitcha mphunzitsi wankhanza. Siikubisira cholakwa chako, komanso siikupha nacho.

*250 ya 4-stroke.* Iyi imalemera cha m'ma 105 kg. Mphamvu yake imabwera mwadongosolo, kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo tayala lakumbuyo limagwira nthaka bwino. Ukabweza mafuta injini yokha imakuthandiza kuchepetsa liwiro, zomwe 2-stroke sichita kwenikweni. Ukalowa pakona ndi giya yolakwika imakukhululukira, imakokabe. Koma kuti uthamange nayo zenizeni uyenera kuikwiyitsa, kuizunguza mpaka kumapeto. Ubwino wake ndi womwewo: munthu wamba akhoza kuitsegula yonse n'kukhalabe pampando. Iweyo ndi amene ukuyendetsa njinga, osati njinga kuyendetsa iwe.

*450 ya 4-stroke.* Pa sikelo imangoposa 250 ndi makilo anayi kapena asanu, cha m'ma 110 kg. Apa mpamene ambiri amapusitsika, amati aaa ndiye palibe kusiyana. Kulipo. M'kati mwake muli pisitoni yaikulu ndi kirankishafuti yolemera zomwe zikuzungulira mwamphamvu, ndipo chitsulo cholemera chikamazungulira chimakana kupendeka. Yesani kugwira tayala la njinga yakapalasa pa ekiselo, mnzanu alizunguze, inu muyese kulipendeketsa, mumva mmene limakanira. Ndiye pakona 450 imafuna kuimirira n'kupita molunjika pomwe iwe ukufuna kukhota. Umalimbana nayo ndi mapewa, msana ndi miyendo pakona iliyonse.

Choopsa chenicheni chili kudzanja lamanja. Pa mpikisano wa akatswiri, ulendo umodzi ndi mphindi 30 kuphatikizapo kuzungulira bwalo kawiri. Munthu wosazolowera pofika mphindi zisanu mikono imakhala itauma gwa, zala sizimvanso chigwiriro. Ukagunda bampu thupi limabwerera m'mbuyo, dzanja limapotokola mafuta osafuna, njinga imathawa, iwe pofuna kugwiritsitsa umapotokolanso kwambiri. Pa 125 zikatere nthawi zambiri injini imangolira, umagwa, umadzuka n'kusasa fumbi. Pa 450 tayala lakutsogolo limanyamuka nthawi yomweyo ndipo komwe ukagwere sukusankha ndiwe. Mavidiyo a anthu owuluka n'kukagunda mpanda aja timaseka pa foni, ambiri chiyambi chake n'chimenechi.

Wina anati, nanga bwanji madolo onse amakwera 450? Zoona, pa mpikisano wa dziko lonse wa MXGP komanso ku America gulu lapamwamba ndi la 450. Koma taonani njira yomwe anadutsa. Ana amayamba ndi 50cc, kenako 65, kenako 85, kenako 125, kenako 250. Pa mpikisano wa dziko lonse gulu la 250, lomwe amalitcha MX2, ndi la achinyamata osapitirira zaka 23, ndiye kuti ndi sukulu yokonzekera gulu lalikulu. Jett Lawrence wa ku Australia uja mumamuika pa status anapambana maulendo onse 22 a Pro Motocross mu 2023 chaka chake choyamba pa 450, koma asanatero anali atatenga kale chikho cha 250 mu 2021 ndi 2022. Ngakhale a ku South Africa komwe msuweni wangayo ali: Greg Albertyn anayamba ndi chikho cha dziko lonse cha 125 mu 1992, kenako n'kutenga cha 250 mu 1993 ndi 1994. Grant Langston chake choyamba chinali cha 125 mu 2000, cha 450 ku America chinabwera mu 2007. Tyla Rattray anatenga cha MX2 mu 2008. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anadumpha makwerero.

Ndiye pali nkhani ya Antonio Cairoli wa ku Italy, yomwe ndimaikonda kuposa zonse. Kuyambira 2010 mpaka 2014 anatenga chikho cha dziko lonse cha gulu lalikulu kasanu motsatizana atakwera KTM ya 350, pomwe ambiri mwa omwe ankapikisana naye anali pa 450. Malamulo ankamulola kukwera yaikulu, kampani inali nayo, koma iye anasankha yocheperako chifukwa inkagwirizana ndi kakweredwe kake: yosavuta kuponya pakona, yosatopetsa msanga. Munthu wa zikho 9 za dziko lonse ameneyo. Ndiye ife a pa gulu lino tikuti 250 ndi ya ana?

Kuti ndisakhale wokondera, 450 ili ndi malo ake, ndipo ndivomereze. Choyamba, mchenga. Ife a kunyanja tikudziwa mmene mchenga wa pagombe umamezera mphamvu, kabaza amachita kutsitsa pasenjala n'kumakankha. Pa mabwalo a mchenga wakuya ngati Lommel ku Belgium kapena Southwick ku America, injini yaikulu imathandiza zedi, 125 imakhala ikukuwa tsiku lonse. Chachiwiri, thupi. Munthu wa makilo 95 kapena 100 pa 125 akuizunza, ndipo naye sasangalala. Chachitatu, munthu wodziwa kale kukwera amatha kuyenda pa 450 modekha, giya yachitatu pafupifupi bwalo lonse, injini osaizunguza kwambiri, motero imakhalitsa kuposa 250 yomwe imakhalira kukuwa. Zonsezi n'zoona. Koma mawu ofunika ndi akuti wodziwa kale. Msuweni wanga ndi wa makilo 60 ndi kanthu, ndipo sanadumphepo ngakhale mzere wa mbatata.

Tibwere ku thumba, chifukwa kumeneko ndiye kuntchito kwanga. Injini ya 2-stroke ilibe mavavu, ilibe kamushafuti, ilibe tcheni cha taimingi. Kusintha pisitoni ndi maring'i pa 125 ndi ntchito ya madzulo amodzi, ndipo aliyense amene anaonererapo ine ndikumasula Enduro akhoza kuiphunzira. Chofunika n'kusaphonya muyezo wa oyilo, chifukwa njinga izi zimafuna wochulukirapo, cha m'ma 30:1 kapena 40:1, osati 50:1 yomwe tinazolowera m'maboti. Koma 4-stroke ya mpikisano ndi nkhani ina. Oyilo amasinthidwa pa maola owerengeka, osati pa miyezi. Mavavu amafuna kupimidwa pafupipafupi. Vavu ikaduka kapena tcheni chikalumpha injini ili pamwamba, chimawonongeka si chinthu chimodzi: pisitoni, hedi, nthawi zina silinda yomwe. Pa njinga yakale mtengo wokonzera ukhoza kuyandikira mtengo womwe unagulira. Ndipo njinga ya mpikisano yogula kwa munthu msinkhu wake sitiwerenga zaka kapena kuwala kwa mapulasitiki, timawerenga maola omwe injini yagwira ntchito. Wogulitsa akakanika kukuuza kuti pisitoni inasinthidwa liti, mavavu anapimidwa liti, dziwa kuti ukugula mavuto a mwini wake. Njinga yotchipa modabwitsa imakhala ndi chifukwa.

Ndikukumbuka ndili wamng'ono, bambo wina pagombe pathu atapeza ndalama za usipa anagula 40 n'kuimangirira pa kaboti kakang'ono ka matabwa komwe kankayenda bwinobwino ndi 15. Madala anga anamuuza kuti thabwa lakumbuyolo silinapangidwire kulemera kumeneko, iye anati ndi nsanje. Tsiku loyamba atangotsegula mafuta, mphuno ya boti inaloza kumwamba, kumbuyo kunamira, madzi n'kuyamba kulowa. Mwamwayi panali pafupi ndi mtunda, anthu anathamangira n'kuvuula injini isanamwe madzi ambiri. Madala sanaseke. Anangoti injini amagula poyang'ana boti, osati poyang'ana anthu a pagombe. Panyanja mwera ukakupeza, chimakufikitsa kumtunda si kukula kwa injini koma dzanja lodziwa nthawi yotsegula ndi nthawi yobweza. Pa njinga boti lake ndi thupi lako ndi luso lako.

Ndiye msuweni, ndikuyankhula ndi iwe tsopano pamaso pa anthu onsewa. Isiye 450 imeneyo. Ngati ukufuna kusangalala msanga komanso kugwa pang'ono, funa 250 ya 4-stroke yomwe mwini wake ali ndi umboni wa kasamalidwe kake. Ngati ukufuna kuphunzira zenizeni komanso kumakonza wekha osalira, tenga 125 ya 2-stroke, ndipo ndizikuthandiza pa video call. Samala usasokoneze ndi 250 ya 2-stroke, imeneyo ndi chilombo china, pa mpikisano imaikidwa gulu limodzi ndi ma 450. Ndalama yotsalayo ugule chipewa chenicheni, majombo a motocross, zoteteza mawondo ndi chifuwa. Zimenezi si zokongoletsera. Mwendo ukathyoka kumeneko bwana sakudikira, lendi sikudikira, ndipo mayi kuno adzangoona foni yasiya kulira pakutha pa mwezi. Ukadzakwera chaka chathunthu, n'kufika poti 250 ukuitsegula yonse pabwalo lonse ndipo ukuona kuti ikukuchedwetsa, udzandiimbire, 450 tidzakasankha limodzi. Koma ndikuuziretu, anthu ambiri amakalamba asanafike pamenepo, ndipo palibe chamanyazi.

Enanu amene munkati mwamuna ndi 450, sindikukana kuti imalira mokoma. Koma tsiku lomwe mnzathuyu adzagone m'chipatala cha dziko la eni, pa gulu pano tidzangoponya timanja topemphera tija basi, palibe adzatumize ngakhale 5 pin. Tisamakankhire anzathu pa zinthu zomwe ife eni sitinazigwirepo.

Amene akutsutsa abwere ndi mfundo, ndili pompano pagombe mpaka maboti anyamuke. Mawa ndili ndi kabureta ziwiri zondidikira. Amene ali ndi m'bale wake woganiza zogula njinga zoterezi amutumizire uthengawu asanapereke ndalama.