Mafilimu a pa YouTube ndi tulo ta mwana wanu

Mwina mwaona achinyamata akuonera mafilimu athunthu a ku Nigeria pa foni. Akatswiri ngati Omoni Oboli ndi Ruth Kadiri masiku ano amaika mafilimu awo pa YouTube, osadikira nyumba zoonetsera kanema. Filimu ya Oboli yotchedwa Love in Every Word, ya mu 2025, inaoneredwa kambirimbiri m'masiku ochepa chabe.

Kuti wopanga filimu ayambe kugawana ndi YouTube ndalama za otsatsa malonda, amayenera kukhala ndi omutsatira 1,000, komanso anthu aonere mavidiyo ake kwa maola 4,000 m'miyezi 12. Choncho chimene iye akufuna kwa inu ndi nthawi yanu. N'chifukwa chake mitu ya mafilimuwa imakhala yokopa ndipo nkhani imayamba ndi mkangano. YouTube nayo, filimu ikatha, imayambitsa ina yokha.

Njirayi yathandiza aluso opanda mabwana kupeza owaonera. Koma mwana akamaonera usiku, maolawo amachoka pa tulo take. Wazaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Zimitsani Autoplay, ndipo gwirizanani naye nthawi yoti foni izituluka m'chipinda chogona.