Matayala obwereka

Pamalo ena omatira matayala m'tauni muno ndinamva mawu omwe mpaka lero akundiwawa mumtima. Mwini minibasi anafika n'kuuza mnzake kuti, "Achimwene, mundibwerekeko matayala awiri akutsogolowo. Mawa ndikayezetse COF, madzulo ndibweza." Mnzakeyo anangoti, "Palibe vuto, mutengenso chozimitsira moto." Panalibe wonong'ona, panalibe wochita manyazi. Nditayang'ana matayala omwe anali pa minibasiyo, anali osalala ngati mutu wadazi, ndipo lina waya anali poyera.

Tonse tikudziwa kuti izi zimachitika, ndipo tazolowera. Kuzolowerako ndi kumene kukundikwiyitsa.

COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, si msonkho. Malamulo athu apamsewu, Road Traffic Act ya 1997, amafuna kuti galimoto iziyesedwa ngati ikuyenera kuyenda, ndipo ntchitoyi imayang'aniridwa ndi nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services. Woyeza amaona mabuleki, chiwongolero, nyale, huta, mawaipa ndi matayala, n'kusuzumiranso kunsi kwa galimoto. Galimoto zonyamula anthu zimayesedwa pafupipafupi kuposa za eni okha, ndipo chifukwa chake n'chodziwikiratu: zimayenda kuyambira mbandakucha mpaka usiku, zitasenza miyoyo ya anthu ena. Tsono munthu akabwereka matayala a tsiku limodzi, amaganiza kuti wapusitsa woyeza. Koma woyezayo sakwera minibasi imeneyo. Amene wapusitsidwa ndi mayi wopita kukapikula mbatatesi ku Tsangano, ndi mwana wasukulu amene wakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu ndimaukonda chifukwa umanena za ife ndendende. Kapepala ka COF kali pagalasi, katsopano, deti yake yabwinobwino. Kunsi nyerere zili yakaliyakali: mafuta a mabuleki akudontha, chiwongolero chikugwedera, chitseko chamangidwa ndi linya.

Ndiye ngozi ikachitika timamva mawu omwe aja amasiku onse. "Tayala lakutsogolo linaphulika." "Mabuleki anaduka." Kumaliro timawonjezera kuti inali nthawi yake. Ine mawu amenewa ndinatopa nawo kalekale, ndipo ndikhulupirira kuti nanunso munatopa nawo. Tayala lisanaphulike limakhala litachenjeza. Likakhala ndi mpweya wochepa, kapena likalemedwa ndi anthu anayi pampando ndi matumba a chimanga kumbuyo, limapindika m'mbali, n'kutentha, n'kusweka. Phula la mu Okutobala limangomalizitsa. Opanga matayala anaika timizere topingasa m'kati mwa mipata ya tayala, totalika mamilimita 1.6. Tayala likatha mpaka kufanana ndi timizereto, latha ntchito, ndipo mvula ikagwa limangoyandama pamadzi. M'mbali mwa tayala mulinso manambala anayi kumapeto kwa zilembo zoyamba ndi DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri enawo ndi chaka. Mukaona 2316, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2016. Labala imakalamba ngakhale mano a tayala akuoneka. Ndi angati mwa ife amawerenga manambala amenewa pogula matayala a kaunjika?

Mabuleki nawonso ali ndi mbiri yake. Pitani pa mtsetse wa Chiweta, wa Khwekhwelere kapena wa Thabwa potsikira ku Chikwawa, mukamve fungo la mabuleki opsa. Dalaivala wina amachotsa giya kuti asunge mafuta, n'kutsika phiri lonse ataponda buleki. Zitsulo zimatentha. Mafuta a mabuleki akakhalitsa osasintha amayamwa chinyezi, ndipo akatentha kwambiri amawira. Pamenepo phazi limangolowa mpaka pansi, galimoto osaima. Ndiye tizinena kuti mabuleki anaduka mwadzidzidzi, pamene mafutawo sanasinthidwepo chichokereni galimotoyo ku Japan?

Musandiyambitse za galimoto za diso limodzi. Mukuyenda usiku pa M1, mukuona nyale imodzi kutsogolo, mukuti ndi njinga yamoto ya kabaza. Pofika pafupi, ndi lole. Babu ya nyale mtengo wake sufika n'komwe pa mafuta omwe loleyo imamwa tsiku limodzi.

Ndikudziwa kuti zinthu zavuta. Matayala atsopano akwera mtengo, zipangizo zikusowa, ndipo dalaivala amadzuka ndi tageti ya bwana pamutu. Koma mavuto a mwini galimoto asamalipiridwe ndi magazi a okwera. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, chigawo cha Africa ndicho chikutaya miyoyo yambiri, chonsecho galimoto zathu n'zochepa. Liwiro ndi mowa zili ndi mbali yake yaikulu, inde. Koma tayala lotha ndi vuto lomwe limaoneka ndi maso galimoto isananyamuke, ndiye tilibe podzikhululukira.

Pempho langa kwa apolisi apamsewu n'lakuti kapepala kapagalasi kasamakhale mapeto a ntchito pa rodibuloko. Anjute, aone matayala, auze dalaivala ayatse nyale ndi kuponda buleki. Oyeza galimoto nawo azikumbukira kuti akasaina avomera kuti ana a anthu akwere mmenemo. Eni minibasi, kudzera m'bungwe lawo la MOAM, adzudzulane okhaokha, chifukwa amadziwana bwino lomwe yemwe amabwereka ndi yemwe amabwereketsa.

Ife okwera tisamangothamangira mpando wapawindo chifukwa woitanira watilanda chikwama. Pemphero la m'basi tisananyamuke ndi labwino, ndipo ine ndimavomera ameni ndi mtima wonse, koma Mulungu yemweyo anatipatsa maso. Zungulirani galimoto musanakwere. Mukaona waya patayala, itanitsani chikwama chanu, nenani chifukwa chake mokweza kuti ena amve, ndipo dikirani ina. Minibasi ikamanyamuka yopanda anthu chifukwa cha matayala, mwini wake adzapita yekha kukagula atsopano.