Dzina la bizinesi yanu pa intaneti likhale m'manja mwanu

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, ndalama zimayamba kuoneka m'Kasungu muno, ndipo amalonda ambiri amaganiza zokweza bizinesi. Wina akufuna kumagulitsa soya ndi mtedza kumakampani a ku Kanengo, wina wa lole akusaka kontirakiti yonyamula mabelo, makopaletivi a ku Santhe ndi ku Chamama akufuna ogula a matani ambiri. Onsewa amauzidwa mawu amodzi: tumizani kotesheni pa imelo.

Apa mpamene funso limabuka. Kodi imelo ya Gmail ndi yokwanira, kapena mpofunika kukhala ndi yanuyanu, yonga malonda@dzinalanu.mw?

Ngati mumagulitsa tomato, usipa kapena kaunjika pabenchi, sungani ndalama zanu. WhatsApp, Airtel Money ndi Mpamba zikukukwanirani. Koma ngati munalembetsa bizinesi kwa Registrar General, muli ndi TPIN ya MRA ndipo mumatumiza makotesheni ndi mainvoisi, imelo yokhala ndi dzina la bizinesi ndi yofunika ngati chidindo. Munthu aliyense, ngakhale kamberembere, atha kutsegula Gmail m'dzina la sitolo yanu lero lomwe. Wogula amene sanakuonenipo amalimba mtima akaona kuti dzina la pa kotesheni ndi la pa imelo ndi limodzi.

Chimene mumagula chimatchedwa domain, kutanthauza dzina lija limabwera pambuyo pa chizindikiro cha @. Kunena zoona simugula, mumachita lendi chaka ndi chaka, ngati shopu. Mayina a dziko lathu amathera ndi .mw, monga .co.mw, ndipo kwa zaka zambiri kaundula wake wakhala akusungidwa ndi Malawi SDNP. Dzina la .com mutha kulipeza kumakampani akunja monga Namecheap ndi GoDaddy, pamtengo wa pakati pa madola 10 ndi 25 pachaka.

Mtengowo usakunyengeni. Makampani akunja amafuna khadi ya Visa kapena Mastercard yolipira ndi ndalama zakunja, ndipo nonse mukudziwa mmene dola ikuvutira. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, zonse zolipira m'madola zinadumpha tsiku limodzi. N'chifukwa chake kwa wamalonda wa ku Nkhamenya kapena Mtunthama, nzeru ndi kuyamba mwafunsa makampani a konkuno amene amalandira makwacha ndipo mutha kuwaimbira foni zinthu zikasokonekera. Afunseni mafunso atatu. Chaka chachiwiri ndidzalipira zingati? Pajatu ambiri amatchipitsa chaka choyamba chokha. Imelo ili momwemo kapena ili ndi mtengo wake? Nanga ndikafuna kusamutsira dzinali kukampani ina mudzandilola? Safunsa anadya phula.

Imelo imafuna nyumba yake yosungira makalata. Ena amaipereka limodzi ndi domain, ena amagwiritsa ntchito Google Workspace kapena Zoho Mail, zomwe zimawerengera mtengo pa munthu aliyense amene ali ndi adiresi. Wokuthandizani amangosintha malekodi otchedwa MX kuti makalata adziwe kolowera. Simukusowa webusaiti kuti mukhale ndi imelo, ndiye wina asakukakamizeni kulipira zonse pamodzi. Adiresi imodzi kapena ziwiri n'zokwanira poyambira.

Koma msampha waukulu uli apa. Ambiri amapatsa mnyamata wodziwa kompyuta ndalama, iye n'kulembetsa domain m'dzina lake, ndi imelo yake ndi nambala yake. Mukadzayambana, kapena akadzapita ku Joni, amapita ndi makiyi. Makalata a ogula anu amalowa m'bokosi limene simungathe kutsegula, ndipo kampani imene inalembetsa dzinalo imamvera amene ali m'kaundula, osati amene anatulutsa ndalama. Zili ngati kumanga sitolo papuloti ya mwini. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mulipireni mnyamatayo pa ntchito yake, koma mukhale naye pomwepo polembetsa. Dzina, nambala ya foni ndi imelo zikhale zanu, mawu achinsinsi musinthe nokha akangomaliza, ndipo risiti muisunge pamodzi ndi chiphaso cha bizinesi.

Musaiwalenso tsiku lolipira. Domain ikatha, imelo imaima, kuiombola mochedwa kumakhala ndi chindapusa, ndipo pakapita nthawi wina atha kulitenga dzinalo. Lembetsani m'miyezi yokolola kuti tsiku lolipiranso lizigwa pamene m'thumba muli kanthu, osati mu January pamene ndalama zathera ku feteleza ndi fizi. Ngati chaka chayenda bwino, lipirani zaka ziwiri nthawi imodzi.

Pomaliza, uzani ogula anu onse kuti nambala ya akaunti yanu ya kubanki simuisintha kudzera pa imelo. Akuba amatsegula adiresi yofanana ndi yanu, yosiyana chilembo chimodzi chokha, n'kulembera wogula kuti ndalama azitumize kwina. Aliyense wolandira uthenga wotere ayambe wakuimbirani foni asanatumize ngakhale tambala.